Kodi Mau a Wocedwa Nzeru Alemera Motani?

Sipalephera kukhala pa mudzi munthu amene nzeru zace zinacedwa kukula. Ena anabadwa cotero. Ena anadwala malungo akulu kapena nthenda youmitsa khosi akali makanda, nacira m'thupi, koma kuphunzira kunawabvuta kuyambira pomwepo. Munthu wotere si wamisala iai, ngakhale ambiri amasokoneza ziwirizi. Amadziwa amai ace, amazindikira womkonda ndi womuda, ndipo mkwapulo umamuwawa monga uwawa ife tonse. Cimene cimsowa ndico kuwerenga ndalama, kusunga masiku, ndi kulongosola nkhani mwa dongosolo lace.

Ku England anthu ena otere amasungidwa m'nyumba zomangidwira iwo, zina za boma, zina za makampani amene boma limawalipira. Nyumbazo ziri ndi malamulo ambiri: anchito akhale angati usana ndi usiku, mankhwala atsekeredwe pati, moto ukabuka anthu aturukire khomo liti, ngozi iri yonse ilembedwe m'buku. Kuyambira caka ca 2009 bungwe la Care Quality Commission limatuma oyendera kukaona ngati zonsezi zisungidwa. Munthu akamva ici angathe kunena kuti wokhala m'nyumba yotere ali pabwino. Koma tamvani zimene zinacitika.

Pafupi ndi mzinda wa Bristol panali nyumba, dzina lace Winterbourne View, ya kampani ya Castlebeck. Inatsegulidwa mu 2006, ndipo inali ndi malo ogona anthu 24. Pa munthu mmodzi boma linali kulipira ngati mapaundi 3,500 pa mlungu. Cotero palibe anganene kuti ndalama ndizo zinasowa. Mu 2010 namwino wamkulu, Terry Bryan, analembera woyang'anira nyumbayo za nkhanza zimene anaziona, osathandizidwa. Anauza bungwe la oyendera lija, nalonso silinacite kanthu. Potsiriza anapita kwa a BBC. Mtolankhani wao analowa nchito m'nyumbamo, nabisa kamera m'zobvala zace milungu isanu, ndipo pa 31 May 2011 dziko lonse linaona pa wailesi ya kanema anchito akumenya anthu makofi, kuwapanikiza pansi ndi mpando, kuwathira madzi ozizira ndi kuwasiya pabwalo akunjenjemera. Ena anali kucita izi akuseka. Mwezi usanathe nyumbayo inatsekedwa. Mu 2012 anchito 11 anabvomera mlandu, ndipo 6 mwa iwo analowa m'ndende.

Anthu oipa mtima alipo m'dziko liri lonse, ndipo za iwo sitidzacurukitsa mau. Cimene ciyenera kutiimika ndico cimene anapeza mai Margaret Flynn, amene anapatsidwa nchito yofufuza nkhaniyi. Iye anaonetsa kuti akulu a boma a m'deralo anauzidwa nthawi 40 kuti m'nyumbamo muli zokayikitsa, ndipo apolisi anadziwa nkhani 29. Anthu okhalamo sanakhale cete. Analankhula, ena kwa makolo ao, ena kwa apolisi. Koma pamene mau ao anaikidwa pambali pa mau a anchito, a anchito ndiwo anakhulupiridwa. Ndiponso abale obwera kudzaceza sanaloledwe kukwera ku zipinda za pamwamba kumene anthu ao anali kugona. Anali kulandiridwa m'cipinda ca alendo, nabwerera kwao osaona kanthu.

Apa ndipo pali funso lathu. Pa bwalo la milandu timayesa mboni ndi kalongosoledwe kace. Wonena tsiku, ndi malo, ndi amene analipo, osasintha mau pofunsidwa kaciwiri, timati uyu anena zoona. Wina akati, "Anandimenya," koma osadziwa ngati linali Laciwiri kapena Lacinai, ndipo mawa achula dzina lina, akulu amayang'anana, nkhani ithera pomwepo. Muyeso umenewu uli bwino pakati pa anthu olingana. Koma taganizani za munthu amene cibadwire sanathe kuwerenga masiku. Tikamuyesa ndi muyeso womwewo, ndiye kuti tagamula kale kuti mlandu wace sudzamveka konse moyo wace wonse, kaya anena zoona kaya zonama. Ndipo wankhanza amadziwa ici bwino kopambana ife. Sasankha munthu wa pakamwa pakuthwa. Amasankha iye amene mau ace sadzapita patali. Cilema comwe cimcititsa munthuyo kusungidwa m'nyumba ndico cimene cimcititsa kusamvedwa akapwetekedwa m'nyumbamo.

Tsono ife tiyesa kuti cilungamo cifuna kuti mau otere alemere koposa, osati kucepa. Wocedwa nzeru akadandaula, wacita nchito yaikuru imene kwa ife iri yopepuka, ndipo kawirikawiri wanena pang'ono pokha pa zimene zinamgwera. Ena salankhula konse, koma thupi limawalankhulira: zipsera pa msana, kukana nsima, kuyambanso kukodza pogona, kubisala kumbuyo kwa citseko pakulowa munthu wakutiwakuti. Izi sizilembedwa m'buku la ngozi, pakuti wolemba bukulo ndiye mwina mwini wa dzanja lija.

Wina adzati, Nanga anchito? Funsolo nloyenera, ndipo ena a ife tiri ndi ana kapena adzukulu amene anaoloka nyanja kukagwira nchito yomweyi. Ndi nchito yolemetsa, ya malipiro ocepa, yocezera usiku. Alipo osungidwa amene amaluma ndi kumenya akacita mantha, ndipo aliponso amene angachule munthu wosalakwa cifukwa ca kusokonezeka. Zonsezi nzoona. Koma kumva dandaulo sindiko kugamula mlandu. Cofunika ndi cakuti wina wocokera kunja akhale pansi ndi wodandaulayo, popanda wanchito pafupi, nafufuze mosafulumira. Wanchito wokhulupirika sataya kanthu pamenepo. Khomo lotseguka limcinjiriza iyenso. Paja amene anaulula za ku Winterbourne View anali wanchito, ndipo iyenso sanamvedwe.

Asaganize wina kuti tipeputsa malamulo olembedwa. Mu July 2013 mnyamata wa zaka 18, Connor Sparrowhawk, anamira m'bafa m'nyumba ya boma ya Slade House ku Oxford, atakhalamo masiku 107. Palibe anammenya. Anali ndi khunyu, ndipo anamsiya asambe yekha, namuyang'ana kamodzi pa mphindi 15 ziri zonse. Agogo ali onse a ku mudzi adziwa kuti wakhunyu sasiyidwa yekha ku mtsinje kapena pa moto, ndipo lamulo laling'ono lomweli likadasungidwa mnyamatayo sakadafa. Mu 2015 bwalo lofufuza za imfa linapeza kuti kunyalanyaza kunathandiza kumupha. Komatu ngakhale apa nkhani ya kumva ibweranso, pakuti amai ace anali atauza anchito kuti aona zizindikiro zakuti mwana wao wagwa khunyu ali m'nyumbamo, ndipo mau ao sanalabadiridwe.

Oyendera a boma ali ofunika, koma amaona tsiku limodzi, ndipo amaona zimene ziwerengeka. Nyumba ina, Whorlton Hall ku County Durham, inalembedwa ndi oyendera mu 2016 kuti iri yabwino. Mu 2019 a BBC anabisanso kamera, napeza anchito akuopsa ndi kunyodola anthu osungidwamo. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pambuyo pace kunadziwika kuti woyendera wina analemba zodandaula za nyumbayo mu 2015, koma zolemba zacezo sizinaturutsidwe. Mu 2023 anchito 4 anapezedwa olakwa.

Kuno kwathu ambiri a anthu otere akhala pakati pa abale ao, ndipo sitiyenera kudzitama nazo msanga, pakuti nyumba ya maudzu nayonso iri ndi citseko, ndipo alipo ana amene amatsekeredwa m'nyumba tsiku lonse makolo ali ku munda, kapena alendo akafika. Koma inu amene mwana wanu ali ku sukulu yogonera komweko, kapena munampereka kwa mbale ku tauni, musakhute ndi kalata yakuti ali bwino. Pitani osatumiza mau. Pemphani kuona pamene amagona, ndi cimene amafunda, ndi mbale imene amadyera. Msambitseni ndi manja anu ngati nkutheka, kuti muone msana wace. Khalani naye awiri pansi pa mtengo nthawi yaitali, ngakhale abwereze mau amodzimodzi kakhumi. Osunga abwino adzakondwera kukuonani. Akakuimikani pa khomo ndi zifukwa zambiri, mwaphunzirapo kanthu.

Boma la England linabvomera kuti kutalikira abale ndiko kunakulitsa coipa cija, popeza ambiri a ku Winterbourne View anacokera ku madera akutali, kumene mai sakadatha kufikako mlungu ndi mlungu. Cifukwa cace mu December 2012 linalonjeza kuti onse osungidwa m'zipatala zotere popanda cifukwa cokwanira adzabwezedwa pafupi ndi kwao pofika June 2014. Tsikulo linapita lonjezo lisanakwaniridwe, ndipo mu 2024 anthu ngati 2,000, ocedwa nzeru ndi ena a bvuto la autism, anali akali m'zipatalamo.