Chopereka chathu chidutse mpanda wa tchalitchi

Mlembi wa mpingo akaimirira pa nthawi ya zolengeza n'kunena kuti sabata ino kubwera alendo ochokera ku bungwe lothandiza, anthu amayamba kale kuwerengera m'mitima mwawo: kaya ndi ufa, kaya ndi mabulangete, kaya atikumbira mjigo. Tinakula tikudziwa kuti bungwe ndi lopereka, mpingo ndi wolandira, ndipo ntchito yathu n'kusesa pabwalo, kuimba nyimbo ya malonje ndi kulemba maina a olandira. Ine ndikuona kuti chizolowezi chimenechi chatikalambira m'manja. Yafika nthawi yoti mpingo wa ku Ndirande, wa ku Mponela kapena wa ku Ekwendeni ukhale ndi bungwe kapena chipatala chimene ukuchithandiza ndi ndalama zake, mwezi ndi mwezi, monga momwe umalipirira magetsi ndi malipiro a mlonda.

Sindikunena kuti mipingo yakhala manja lende. Aliyense amene anabadwira pa Nkhoma, pa Mlambe, pa Malamulo, pa St Luke's ku Malosa kapena pa Embangweni ndi mboni ya ntchito ya mpingo. Bungwe la CHAM, limene linayamba mu 1966 ndipo eni ake ndi maepiskopi a Katolika pamodzi ndi Malawi Council of Churches, lili ndi zipatala zoposa 170, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno limachokera kumeneko, makamaka kumidzi kumene chipatala cha boma chili kutali. Koma tikafunsa kuti ndalama zomangira mawodi amenewo zinachokera kuti, yankho lake nthawi zambiri limatilozera ku Scotland, ku South Africa, ku Ireland, ku Germany, ku Netherlands kapena ku America. Malipiro a anamwino ndi madokotala ambiri a m'zipatalazi amalipira ndi boma, ndipo kuyambira mu 2006 boma lakhala likusainirana mapangano ndi zipatala zina za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi ana akhanda azithandizidwa osalipira. Chikwangwani cha pachipata chili ndi dzina la mpingo wathu, koma mkhristu wamba wa mpingo womwewo mwina sanaponyepo ngakhale kobiri limodzi loti lipite ku chipatalacho.

Kwa zaka zambiri izi zinkayenda, chifukwa anzathu akunja anali ndi mphamvu. Lero zinthu zasintha, ndipo zasintha mofulumira. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lopita kumaiko ena, ndipo chaka chomwecho bungwe la USAID linatsekedwa; ntchito zambiri za HIV, malungo ndi uchembere wabwino zinagwedezeka, anthu ambiri anachotsedwa ntchito. Britain inadula thandizo lake mu 2021, n'kulengezanso mu 2025 kuti ilidulanso. Mpingo wa Church of Scotland, umene unabzala mishoni ya Blantyre mu 1876, ukutseka ndi kugulitsa matchalitchi ena kwawoko chifukwa opembedza achepa, ndipo otsalawo ambiri ndi achikulire. Kuno kwathu kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zimene zinakweza mtengo wa mankhwala aliwonse ogula kunja. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Sitingawadandaule anthu amene atinyamula kwa zaka zoposa zana limodzi. Chofunika n'kudzifunsa kuti ife amene matchalitchi athu akudzaza mpaka kupemphera kawiri kapena katatu pa tsiku tichita chiyani.

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni, oposa atatu mwa anayi alionse ndi akhristu. Palibe bungwe, palibe chipani, chimene chimasonkhanitsa anthu ochuluka chotero sabata iliyonse, ndiponso chimene anthu amachipatsa ndalama mwa kufuna kwawo. Ndalamazo zikupita kuti? Yendani m'matauni mwathu muone: matchalitchi ansanjika, mipanda ya njerwa, zokuzira mawu zamphamvu, galimoto ya abusa. Sindikutsutsa kumanga, anthu sangapempherere pamvula, ndipo m'busa woyenda pansi sangafike ku nthambi zakutali. Chimene chimandiwawa n'chakuti pa tsiku losonkhetsa ndalama zomangira holo timapikisana, kwaya ndi kwaya, dera ndi dera, mpaka mamiliyoni kukwana, koma pa bajeti ya chaka mzere wa zachifundo umakhala wotsiriza, ndipo ukasowa ndalama palibe amene amadzuka kufunsa.

Ena amati, ngati tili ndi ndalama zothandizira osowa, bwanji tizipereke kwa ena? Tiyeni tiyambitse zathu. Maganizo amenewa amamveka okoma, koma abala nyumba zambiri zosamalira ana amasiye zimene zinatsegulidwa ndi nthungululu n'kutsekedwa patapita zaka zochepa, ana n'kubalalika. Pali mavuto amene mtima wabwino wokha suwatha. Mnyamata amene wasokonezeka maganizo afunika pemphero, inde, koma afunikanso anthu ophunzira ntchitoyo monga a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mwana wosamva afunika mphunzitsi wodziwa chinenero cha manja, monga amene ali pa sukulu za ku Mua, ku Embangweni ndi ku Maryview. Gogo amene khansa yamudya mpaka sagona usiku afunika mankhwala oletsa ululu amene malo monga Ndi Moyo ku Salima amadziwa kaperekedwe kake. Mpingo umodzi sungamange zonsezi, ndipo palibe chifukwa choti uyesere. Zilipo kale, zikungosowa owagwira mkono.

Komanso mpingo uli ndi chuma chimene bungwe lililonse limachisirira. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano, a Dorika, a Mothers' Union, akhristu a m'miphakati ndi m'malimana, amadziwa khomo lililonse. Amadziwa nyumba imene moto sunayake kuyambira dzana, mtsikana amene wasiya sukulu mwakachetechete, bambo amene waleka kumwa mankhwala chifukwa cha manyazi. M'zaka za m'ma 1990, Edzi ikupulula anthu ndipo ma ARV aulere asanayambe mu 2004, ndi amayi amenewa amene ankasambitsa odwala, kuchapa zofunda ndi kutunga madzi m'makomo momwe abale enieni ankaopa kulowamo. Wogwira ntchito wa bungwe amabwera pa galimoto ndi fomu, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Mayi wa Mvano amagona m'mudzi momwemo, ndipo maliro akachitika ndiye amachezera. Luso la bungwe likakumana ndi maso a amayi amenewa, thandizo limafika pamene pali bala.

Taonani phala la m'sukulu. Bungwe la Mary's Meals linayamba m'dziko muno mu 2002 ndi ana pafupifupi 200, ndipo lero likudyetsa ana oposa miliyoni imodzi m'Malawi muno. Ufa wa Likuni Phala umagulidwa ndi ndalama za anthu opereka, ambiri a iwo akunja, koma amene amadzuka m'bandakucha kukasonkha moto ndi kutakasa mapoto akuluakulu aja ndi amayi a m'midzi yathu, osalandira malipiro. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, n'kusakazanso Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Nsanje, anthu oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Magalimoto a thandizo asanafike, misewu itaduka, anthu anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndipo akhristu ndi Asilamu a m'matauni anasonkha zovala, ndowa ndi ufa. Kenako mabungwe monga Red Cross, CADECOM, CARD ndi ADRA anafika ndi matenti ndi mankhwala othira m'madzi. Masiku amenewo tinaona kuti kupereka timatha. Funso langa n'lakuti, n'chifukwa chiyani timadikira kuti phiri ligumuke?

Ndikudziwa yankho limene limabwera msanga: anthu athu ndi osauka. N'zoona, ndipo sindikufuna kuti mkazi wamasiye asenzetsedwe mtolo wina pamwamba pa chachikhumi, chopereka cha mlungu ndi mlungu ndi makadi a chitukuko. Chimene ndikupempha n'kugawa mwina ndalama zimene zikubwera kale. Komabe tiwerengere pang'ono. Mpingo wa m'tauni wa anthu 500, aliyense atapatula K500 pa mwezi, ndalama yosakwana mtengo wa botolo la chakumwa, pakutha pa chaka pakhala K3 miliyoni. Ndalama imeneyi singamange wodi, koma ingagule mafuta a ambulansi, kapena kulipirira odwala angapo amene akanabwerera kunyumba ndi matenda awo. Mpingo wakumudzi ulibe ndalama zotere, koma uli ndi masika. Matumba awiri kapena atatu a chimanga ndi nyemba za masika atapita ku sukulu ya ana osaona ya Chilanga ku Kasungu, kapena kukhitchini ya odikirira odwala pa chipatala chapafupi, angachite zambiri. Paulo potolera thandizo la osauka a ku Yerusalemu anayamikira mipingo ya ku Makedoniya, imene nayonso inali pa umphawi.

Kupereka kumatsegulanso pakamwa. Wolandira zaulere amaopa kufunsa, poopa kuti mwina mawa sabweranso. Koma mpingo umene waikapo chake uli ndi ufulu woitana mkulu wa bungwe kudzafotokoza pamaso pa akhristu kuti ndalama zayenda bwanji, ndi angati athandizidwa, ndipo ndi zingati zathera pa misonkhano ya kunyanja. Si bungwe lililonse lokhala ndi dzina lachikhristu limene lili loona, ndipo alipo ena amene ofesi yawo ndi chikwama cha m'manja. Mpingo uyenera kuona kalata zolembetsera kuboma, kuona malipoti a ndalama, ndi kutuma anthu ake kukaona ntchito ndi maso. Muyeso womwewo ubwererenso kwa ife. Tonse tinamvapo za mndandanda wa olandira ufa umene unadzaza ndi achibale a akuluampingo, kapena nkhalamba imene inadumphidwa chifukwa imapemphera kwina kapena inasiya kupereka. Njala ya ku Mangochi kapena ku Machinga sisankha wa kumzikiti ndi wa kutchalitchi, ndipo thandizo limene limafunsa kaye khadi ya ubatizo lasanduka nyambo. Chimodzimodzi chizolowezi chojambula gogo atagwada ndi kathumba ka shuga n'kumuika pa Facebook: gogoyo ali ndi adzukulu amene adzaona chithunzicho, ndipo ulemu wake ndi wa mtengo woposa shugayo.

Poyambira sipovuta kupeza. Zipatala za mishoni zimalipiritsa, chifukwa popanda kutero sizingagule mankhwala, ndipo alipo anthu amene amakhala kunyumba mpaka matenda kukula poopa bilu. Akuluampingo, madikoni kapena khonsolo ya parishi atume anthu atatu, mmodzi mwa iwo akhale mayi wodziwa makomo, apite kwa woyang'anira chipatala chimene chili pafupi nawo akafunse kuti chikusowa n'chiyani ndiponso odwala olephera kulipira amatani nawo. Akabwerako agwirizane kuchuluka kwa ndalama, azilembe mu bajeti chaka chisanayambe, ndipo msungichuma aziwerenga lipoti lake pamaso pa mpingo wonse miyezi itatu iliyonse, monga amawerengera la ndalama zomangira.