Kodi Kufunsa ndi Kuchepa kwa Chikhulupiriro?



Tsiku lina titaweruka ku msonkhano wathu, mayi wina anandiuza kuti, "Inu anamwino mumachulutsa mafunso. Mkhristu amangokhulupirira basi." Mawu amenewa ndakhala ndikuwasinkhasinkha. Kodi tikamva nkhani n'kufunsa kumene yachokera, ndiye kuti chikhulupiriro chathu chachepa?

Tikumbukire za mu 2017. Mu Seputembala chaka chimenecho ku Mulanje kunabuka mphekesera yoti anamapopa akupopa anthu magazi usiku. Inafalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre. Pofika kumapeto kwa Okutobala anthu osachepera 9 anali ataphedwa powaganizira kuti ndi anamapopa, mmodzi mwa iwo mnyamata wodwala khunyu amene anamutentha ndi moto. Kuno ku Mua, Mtakataka ndi Golomoti nkhaniyi inatipeza pa foni, m'minibasi ndi pa mjigo, ndipo ambiri tinagona ndi mantha.

Ine ndagwirapo ntchito ya magazi. Kuti munthu apereke thumba limodzi la mamililita 450, pamafunika kupeza mtsempha, kulowetsa jekeseni yaikulu ndi kudikira mphindi ngati 10. Thumbalo limakhala ndi mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo limasungidwa m'firiji. Palibe amene angachite zimenezi pawindo, mumdima, mwini wake ali mtulo. Ena anati, "Nanga anthu aja ankadzuka ali ofooka?" Inde, kufookako kunali kwenikweni. Koma kuno kunyanja tikudziwa kuti malungo, likodzo ndi kusadya mokwanira zimachepetsa magazi m'thupi. Wodwalayo ankafunika chipatala, osati kuti mlendo wodutsa agendedwe.

Sindikunena izi modzitama. Mu 1995 kunamveka kuti a Billy Chisupe a ku Machinga, kufupi ndi Liwonde, analota mankhwala a Edzi otchedwa mchape. Anthu miyandamiyanda anapita kukamwa. Ineyo, namwino, ndinaperekeza mng'ono wanga. Sindinafunse kalikonse chifukwa mtima wanga unkafunitsitsa kuti zikhale zoona. Mng'ono wangayo tinamuika m'manda ma ARV aulere asanayambe kuperekedwa mu 2004. Ndinaphunzira kuti bodza silisankha wophunzira kapena wosaphunzira. Limalowera pamene pali mantha kapena chikhumbo chachikulu.

Tsono Baibulo likutiphunzitsa chiyani? Pa Machitidwe a Atumwi 17, anthu a ku Bereya akuyamikiridwa chifukwa ankafufuza m'Malemba tsiku ndi tsiku kuti atsimikize zimene Paulo ankawaphunzitsa. Ngati mawu a mtumwi anawafufuza, nanga bwanji uthenga wa pa WhatsApp wopanda dzina la mwini wake? Kukhulupirira Mulungu n'kosiyana ndi kukhulupirira aliyense wotchula dzina la Mulungu. Komanso lamulo lachisanu ndi chinayi limatiletsa umboni wonama. Amene wanyamula bodza n'kukalitula kwa mnzake wachitira umboni chinthu chimene sanachione, ngakhale atayamba ndi mawu akuti "akuti". Amene anagenda miyala mu 2017 anali ochepa, koma amene anasenza nkhaniyo pakamwa anali ochuluka.

N'zoona kuti sitingathe kufufuza zonse patokha. Timadalira ena, ndipo n'koyenera kutero. Koma tisanauze mnzathu nkhani yoopsa, tidzifunse mafunso atatu. Kodi amene wandiuzayu waona yekha, kapena nayenso wangomva? Kodi ndani wodziwa bwino za nkhaniyi amene ndingamufunse: azaumoyo, amfumu, abambo wansembe? Nanga ikapezeka kuti ndi yabodza, avulale ndani?

Funso lachitatuli ndi limene limandiyankhira mayi uja. Wovulala amakhala mlendo, wodwala misala, gogo wokhala yekha, kapena mwana amene sanalandire katemera chifukwa amayi ake anaopsezedwa. Kufunsa ndi njira imodzi yokondera anthu amenewa. Tiyeni nkhani ikafika pagulu pathu izipeza amayi oiimitsa n'kuifunsa kumene ikuchokera.

Ambuye akudalitseni nonse pamodzi ndi mabanja anu.