Kodi Kupimitsa Magazi a Khanda N'kusowa Cikhulupililo?

Acinyamata anzanga, taganizani izi. Mlamu wanu wacila usiku kunyumba cifukwa kiliniki ili kutali. Mwana ndi wonenepa, akuyamwa bwino. Agogo akuti asatuluke m'cikuta, ndipo ena akunong'ona kuti magazi otengedwa kucipatala amapita kwa a satana. Inu mudzanena ciani?

Matenda a sickle cell sabwela ndi ufiti. Mwana amawatengela kwa atate ndi amai ake. Onse awili akakhala ndi mbeu yake, pa mimba iliyonse mpata wakuti mwana abadwe nawo ndi umodzi pa 4. Khandalo limaoneka labwino poyamba, koma likamafika miyezi 6 manja ndi mapazi angayambe kutupa. Madontho ocepa a magazi a pa cidendene amaulula matendawa msanga, ndipo penisilini, katemela ndi kupewa malungo zimapulumutsa ana ambili. Mu 2021 dziko lathu linayamba kupima makanda motele m'zipatala monga UTH ku Lusaka.

Tsono kupimitsa mwana n'kukayika Mulungu? Iai. Wopempha mvula amalimanso munda. Mwana wobadwila pamphasa si wocepa kwa wobadwila m'cipatala. Kukana kudziwa sikucotsa matenda, kumangocedwetsa thandizo, ndipo mwana akadwala anthu amaloza cala mai yekha.

Tiwalemekeze agogo, tiwafotokozele mofatsa, kenaka tipelekeze mlamu wathu kukafunsa anamwino kumene angapimitse mwana. Khanda silingadzilankhulile. Tililankhulile ndife.