Telala ndi mapiritsi a akuluakulu

Padangokhala telala wina, mkulu wa imvi, amene ankasokera pakhonde la golosale pa kamsika kena. Mkuluyu anali ndi matenda a shuga, ndipo bukhu lake la kuchipatala ankalisunga m'kabati ya makina pamodzi ndi singano. Ana anali nawo awiri: woyamba mnyamata wa kabaza, wachiwiri mtsikana wogulitsa tomato.

Munali mu Januwale 2021, mwezi umene Covid-19 inalusa mpaka kutenga nduna ziwiri za boma tsiku limodzi, bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe n'kusanduka chipatala. Telala uja anayamba kutsokomola, thupi kutentha, ndiwo osazimva kukoma.

"Tiwatengere kuchipatala bambowa, achimwene," anatero mtsikana.

"Kuti akatiphere? Iwe chemwali, foni uli nayo koma sumva." Mnyamatayo anamuseweretsera uthenga wa pa WhatsApp. Mawu a munthu wosadziwika ankanena kuti kuchipatala akuika anthu diripi ya remdesivir yowononga impso, ndipo wolowa m'tenti ya odwala Covid-19 amatuluka ali m'pulasitiki, abale osamusambitsa n'komwe.

Uthengawo sunali bodza lokhalokha, ndipo n'chifukwa chake unagwira anthu. Remdesivir alipodi. Anapangidwa ndi kampani ya Gilead ku America, anayesedwa pa Ebola ku Congo n'kuposedwa ndi mankhwala ena, ndipo mu Novembala 2020 bungwe la WHO linalangiza kuti odwala Covid-19 ogonekedwa asamapatsidwe, poti umboni woti amapulumutsa moyo sunkaoneka. Madokotala owapereka ankayeza chiwindi ndi impso za wodwala. Chimene mwini mawu uja sanatchule ndi mtengo: panthawiyo unali madola 390 kabotolo kamodzi m'maiko olemera. Ndani akanawonongera telala wa pakhonde ndalama zotere?

Choncho, poopa kuchipatala, ana aja anamufunditsa telala bulangete pamphika wa masamba a bulugamu, akumumwetsa mandimu ndi jinja. Zitakanika, mnyamata anapita kuseri kwa msika, kwa mkulu wina wa chikwama amene ankagulitsa mankhwala a mutu, a njoka zam'mimba ndi a makoswe pamphasa imodzi.

"Mwafika, bwana," anatero wa chikwama, akudula kapepala ka mapiritsi ndi sizasi. "Awa ndi amene akumwa akuluakulu. Atatu m'mawa, atatu madzulo. Musauze munthu."

Poyamba zinaoneka ngati zatheka. Thupi linazizira, telala anapempha nsima, ndipo mnyamata ankayenda chifuwa patsogolo. Kenaka linabwera ludzu losatha. Usiku wonse mkulu uja ankangotuluka kukataya madzi, maso akuchita chidima, mpweya ukuperewera moti chiganizo ankachidula pakati. Tambala woyamba atalira, mtsikana anatenga bukhu lija m'kabati, anatola kapepala ka mapiritsi kamene kanatsala, n'kukaima pakhomo pa mchimwene wake.

"Achimwene, njinga yanu imanyamula anthu a eni tsiku lililonse. Lero inyamule bambo anu. Akafera muno, a kwawo adzati tinawabisa, ndipo sadzanama."

Tisanamizane, kuchipatala sikunali kosangalatsa. Anakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Namwino anali mmodzi, odwala ali mbwee, masilinda a mpweya ochita kudikirana. Atamupana chala telala ndi kachipangizo koyezera mpweya m'magazi, nambala inagwa pansi pa 90, ndipo anamulowetsa. Mtsikana anauzidwa kuti odikirira odwala saloledwa m'katimo. Analira, koma sanachoke. Anadikira dokotala pakhomo.

"Pepani adokotala, bambo anga muwapatsa chiyani? Dzina lake ndi chiyani, ndipo ntchito yake ndi yotani? Mundilembere m'bukhumu. Remdesivir yekha ayi."

Dokotalayo anali atatopa, ndipo anayankha mwaukali pang'ono. "Remdesivir? Mayi, pano mpweya weniweniwo tikuchita kugawana. Kunyumba amamwa chiyani?"

Mnyamata anatsinzinira mlongo wake kuti akhale chete. Mtsikanayo anatambasula dzanja. Pakapepala kodulidwa kaja panali patatsala zilembo zinayi, "dexa".

Dokotala anagwira pakamwa. Anafotokoza kuti amenewo ndi dexamethasone, omwewo amene iye amati awapatse. Kafukufuku wa ku Oxford anasonyeza mu Juni 2020 kuti amachepetsa imfa pakati pa odwala amene afika pofuna mpweya, pa mlingo wa mamiligalamu 6 patsiku kwa masiku osaposa 10. Kachilombo sapha. Amaziziritsa chitetezo cha m'thupi chikalusa n'kuyamba kuwononga mapapo a mwini wake. Kuwamwa matenda akungoyamba kuli ngati kumanga galu wako pamene mbala ikulowa kumene m'khola. Ndipo kwa munthu wa shuga, amakweza shugayo kwambiri.

"Mukanabisa, ndikanawawonjezera omwewo osadziwa kuti adya kale angati," anatero dokotala. Analemba zonse m'bukhu, anayeza shuga, n'kuyamba kubaya insulin.

Telala anatuluka ndi moyo, ngakhale kuti anataya miyezi asanathe kupondanso makina. Ena amene anagona nawo m'chipinda chimodzi sanatuluke. Pamudzi ena anati chipatala chamupulumutsa, ena anati wangopulumuka m'manja mwa chipatala, ndipo mkanganowo ukadalipo.

Mnyamata uja anabwerera kuseri kwa msika mtima uli phuphuphu, akufuna ndalama zake.

"Munatsala pang'ono kundiphera bambo!"

Wa chikwama sanadzidzimuke. Anapitiriza kuyala katundu pamphasa.

"Kuchipatalako anawapatsa chiyani, bwana?"

"Omwewo."

"Ndiye ndinanama pati? Munandifunsa dzina lake? Munandiuza kuti mdalayo ali ndi shuga? Inu munafuna a akuluakulu, ine ndinakupatsani. Ndalama yolowa m'chikwama ichi sibwerera. Sunthani pang'ono, mwanditsekera makasitomala."