Kodi Ndani Angaweruze Moyo Wonse wa Mnzake?

Ndimaphunzitsa Chingelezi ku pulayimale, ndipo phunziro limene limandiganizitsa kwambiri ndi lomwe ana amaliona ngati lophweka: kusintha mneni m'nthawi yatsopano. Timati I pray, you pray, we pray, they pray, mneni osasintha. Koma tikamanena za munthu mmodzi wapambali, timawonjezera s: he prays, she helps. Mneni wothera ndi ch kapena sh amalandira es, monga watches, ndipo carry amasanduka carries. Kale ku England ankati prayeth, ndipo Baibulo la King James la mu 1611 lidasunga kalembedwe kameneko. Ka s kadachokera kumpoto kwa dzikolo n'kufalikira pang'onopang'ono.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti nthawi imeneyi sinena kwenikweni zimene zikuchitika pano. Imanena chizolowezi, kapena choonadi chosasintha, monga kutuluka kwa dzuwa kum'mawa. Mwana akalemba kuti he cheats, sakunena kuti munthuyo wanyenga lero. Akunena kuti amanyenga: dzulo, lero ndi mawa. Ife timachita zomwezo ndi ka ma kathu. "Amaba." "Amanama." Mawu amodzi okha, mlandu wonse watha, ndipo mwini wake palibe kuti adziyankhire.

Ndikudziwa kuti chizolowezi chili ndi mphamvu. Aristotle ankaphunzitsa kuti khalidwe labwino limakula pochita zabwino mobwerezabwereza, ndipo sindimutsutsa. Mayi amene amadzuka m'mamawa kukatungira madzi apongozi ake odwala chaka ndi chaka ngoyenera kunenedwa kuti amathandiza. Pamenepo mneniyo akunena zoona, ndipo ndi ulemu.

Koma ponena zoipa, ndani mwa ife adaona masiku onse a mnzake? Tidaona tsiku limodzi, mwina awiri, zotsalazo tidamva pachitsime kapena pamaliro. Anthu a ku Yeriko adamudziwa Zakeyu ngati wokhometsa msonkho wochimwa, ndipo adang'ung'udza Yesu atalowa m'nyumba mwake. Tsiku lomwelo Zakeyu adalonjeza kupatsa osauka theka la chuma chake ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene adamulanda. Anthuwo ankadziwa dzulo lake, koma mawa lake sankalidziwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

N'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti chiweruzo cha moyo wonse n'cha Mulungu yekha, pakuti ndiye amaona chiyambi ndi mathero a munthu. Ife tinene chimene tidaona, tsiku lake ndi malo ake, ndipo tikachinene kwa mwini wake. Kudzudzula cholakwa n'koyenera. Kutsekera munthu khomo la kulapa sikoyenera.

Ana anga ndimawauza kuti asaiwale s pa mayeso. Koma ndimafunanso adziwe kuti polankhula za mnzawo amene palibe, lamulo la galamala silikwanira. Pamafunika chilungamo ndi chifundo.