Kodi mvula ingasenze mlandu wa munthu?

M'chaka cha 1898, Kate Chopin, mlembi wa ku America, analemba nkhani yaifupi yotchedwa The Storm. Nkhaniyi inasindikizidwa mu 1969, patapita zaka 65 mwini wake atamwalira.

Zambiri zikuchitikira ku Louisiana. Mvula yamkuntho yatsekereza Bobinôt ndi mwana wake Bibi m'sitolo. Kunyumba, mkazi wake Calixta akuanula zovala pamene Alcée, yemwe anakondana naye asanakwatiwe, akutulukira pa kavalo napempha pousa mvula. Mphenzi ikantha mtengo, Calixta agwidwa ndi mantha, Alcée amukumbatira, ndipo awiriwo achita chigololo. Mvula itakata, dzuwa liwala, mlendo achoka. Madzulo banja lidya mwansangala, ndipo mlembi atseka nkhani potiuza kuti aliyense anali wokondwa.

Chopin analumikiza chilakolako ndi nyengo mwaluso. Mitambo ikamasonkhana, chilakolako chikukula; mabingu akamalekeza, mitima nayo ikuzizira. Wowerenga amakopeka kuganiza kuti zonsezi n'zachilengedwe, zobwera zokha ndi kupita zokha. Funso langa lagona pamenepa: kodi chimene chafanana ndi mvula chimakhala chopanda mlandu monga mvulayo?

Chichewa chili ndi njira yobisira wochita ntchito. Mwana akaswa mbale amathamangira kunena kuti “mbale yasweka”, osati “ndaswa mbale”. Kachidutswa ka -ek- kapena -ik- pa mneni kamachotsa wochitayo m'chiganizo. Wamkulu wogwidwa pachibwenzi chamseri amathawiranso komweko: “zinangochitika”. M'nkhaniyi mkuntho ukugwira ntchito yomweyo, yosandutsa chochita cha anthu kukhala chowagwera.

Komabe mvula sisankha denga loti igwerepo, pamene munthu amasankha. Tivomereze kuti mpemera ndi umene unachotsa Alcée pakhonde n'kumulowetsa m'nyumba. Nanga kalata? Usiku womwewo, kunja kutayera, Alcée akulembera mkazi wake Clarisse, yemwe ali ku Biloxi ndi ana, kuti asafulumire kubwerera. Palibe bingu limene likumukakamiza. Mawu achikondi a m'kalatamo ndi oganiziridwa bwino, ndipo mwini wake ndi amene angawayankhire.

Sitingakane kulimba mtima kwa Chopin. Mabuku otchuka a nthawi imeneyo ankalanga mkazi wotere ndi imfa, monga zinachitikira Emma Bovary ndi Anna Karenina, pamene amuna ankatsala amoyo. Iye anakana chiweruzo chokonderacho, nasonyeza kuti mkazi nayenso ali ndi thupi ndi zokhumba zake. Pamenepa ananena zoona.

Koma kukana kuponya miyala sikutanthauza kuti palibe wolakwiridwa. Pobwerera kunyumba, Bobinôt akudzichotsa matope, iye ndi mwanayo, poopa kuti mkazi wake awakalipira. Wosalakwa ndiye akulowa m'nyumba mwamantha, ngati wopalamula. Chimwemwe chake chatsamira pa kusadziwa, ndipo iye sanafunsidwe ngati akufuna mtendere wamtundu umenewo. Anthu awiri amusankhira choonadi chimene ayenera kukhala nacho.

Ndiye chifukwa chake ndimawerenga mathero a nkhaniyi mokayikira. Mvula ikakata, nthaka imauma ndipo sisunga mangawa. Munthu amakumbukira, ndipo tsiku lililonse ayenera kusankhanso kubisa kapena kuulula. Chilakolako chingabwere ngati nyengo, koma lonjezo laukwati linapangidwira nyengo zoterezo.