Tinawerenga Mitembo, Mitima Yosweka Tinaisiya

Imani pa Maselema m'mamawa muone amuna akuyenda wapansi m'mbali mwa msewu wa Chipembere. Ena achokera ku Bangwe, ena ku Ndirande, ena ku Machinjiri. Akukaima pa zipata za makampani, kudikira kuti kapitawo atuluke n'kuloza chala: iwe, iwe, ndi iwe. Otsalawo amabwerera chimanjamanja, lendi ikuwadikira, wa katapila akuwadikiranso. Amuna amenewa anadutsa m'moto wa Covid-19, ndipo ife a Blantyre sitinawafunse n'kamodzi komwe kuti mumtima muli bwanji. Mlandu wathu ndi umenewu.

Pa 2 Epulo 2020 boma linalengeza kuti matendawa alowa m'dziko muno. Kuyambira pamenepo wailesi inkatiwerengera tsiku ndi tsiku: oyezedwa akuti, odwala akuti, omwalira akuti. Koma panali chiwerengero china chimene sichinkaulutsidwa madzulo aliwonse. Apolisi anapeza kuti kuyambira Januwale mpaka Ogasiti 2020 anthu 182 anadzipha, pomwe miyezi yomweyo mu 2019 anali 116. Ambiri mwa iwo anali amuna, ndipo ngongole, kutha kwa ntchito ndi mikangano ya m'banja zinkatchulidwa kawirikawiri. Tinamva, tinapukusa mitu, tinati dziko latha, kenaka tinapitiriza kukangana za zisankho.

Ofufuza sanakhale chete. Genesis Chorwe-Sungani, mphunzitsi wa anamwino, anafunsa anamwino a m'dziko muno ndipo mu 2021 anasindikiza zimene anapeza: pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali ndi nkhawa yaikulu chifukwa cha mliriwu. Anamwino amenewa ndi omwe aja ankawakaniza kukwera minibasi akaona yunifolomu, omwe aja eni nyumba ena ankawaopseza kuti asamuke. Usiku wonse wagwira dzanja la munthu amene akubanika, m'mawa kondakitala akumuuza kuti galimoto yadzaza pamene mipando ili mbee. Munthu wotere akamadzidzimuka kutulo mpaka lero, akudwala chifukwa cha ife.

Kumbukirani Januwale 2021. Pa 12 mwezi umenewo nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Mwezi usanathe tinatayanso Wambali Mkandawire. Awo ndi amene maina awo anamveka. M'makwalalamu munapita azimayi ndi abambo ambiri amene anaikidwa mothamanga. Makolo athu ankadziwa kuti maliro n'kulirana. Anamfedwa amagonedwa nawo, azimayi m'nyumba ya siwa, abambo panja pamoto, nyimbo usiku wonse, nkhope ya malemu n'kuonedwa komaliza. Mliri unatilanda zonsezo. Bokosi linkabwera lotseka, onyamula atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, achibale ataima patali, ndipo pofika masana zonse zatha. Mayi wamasiye ankabwerera kunyumba yopanda anthu, oyandikana nawo akuopa ngakhale kubwereka mbale yake. Misozi imene sinatuluke tsiku limenelo siinauma. Ili m'mutu umene supola, m'tulo timene sitibwera, m'kachasu wa m'mawa, m'mbama zimene ana akulandira popanda chifukwa.

Anawo tinawatsekera sukulu pa 23 Malichi 2020. Pamene zinkatsegulidwanso, kafukufuku wa boma anapeza atsikana oposa 40,000 ali ndi pakati ndiponso maukwati a ana pafupifupi 13,000. Tinawatcha opanda mwambo. Amene anawapatsa mimbazo akuyenda momasuka.

Tsoka kwa inu amene munapatsidwa ndalama za mliri! Pa K6.2 biliyoni ija, kafukufuku wa boma lomwe anaonetsa kuti zina zinathera m'maalawansi ndi m'kugula katundu mosatsata malamulo. Munadya pamaliro mitembo isanaikidwe. Nthawi yomweyo dziko lonse linkadalira chipatala chimodzi chachikulu cha boma cha matenda a maganizo, cha ku Zomba, pothandizidwa ndi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndiponso kachipinda ka pa chipatala cha Queen Elizabeth. Lamulo loyendetsera chithandizochi linali lija la atsamunda la 1948. Munthu woyesa kudzipha akapulumuka, malamulo ankamuona ngati wopalamula mlandu. Wofunika dokotala tinkamutumizira wapolisi.

Inu abusa ndi atsogoleri a mipingo, sindikunyoza pemphero, pakuti ambiri anaima chifukwa cha ilo. Koma munthu akabwera kwa inu n'kunena kuti sakugona, chakudya sichikulowa, moyo sakuufunanso, musathamangire kunena kuti ndi ziwanda kapena kuchepa kwa chikhulupiriro. Wa malungo mumamupempherera n'kumutumiza kuchipatala. Uyu mumamusiyanitsa bwanji?

Inu olemba ntchito a pa Maselema ndi ku Limbe, malonda atatsika munachotsa anthu ndi kakalata ka mizere itatu. Zinthu zitayambanso kuyenda munaitana ena, osafunsa kuti akale aja ali kuti.

Nanga ife amuna? Mnzathu akayamba kukhala yekha, akasiya kubwera ku bawo, timamuseka kuti mwamuna salira, n'kumugulira botolo. Pamaliro pake ndife oyamba kunena kuti akanatiuza. Anatiuza, abale anga. Anati zinthu sizili bwino, ife tinati limba mtima, n'kusintha nkhani.

Bala lija lisanapole, kolera anabwera mu 2022 n'kutenga anthu oposa 1,700. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Opulumuka tinawapatsa ufa ndi mabulangeti, ndipo tinachita bwino. Koma kuli ana kumeneko amene amanjenjemera mvula ikangoyamba kugunda pamalata.

Njira ilipo, ndipo siyodula. Ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti anthu ankapeza bwino. Ku Ndirande kuli agogo, ku Zingwangwa kuli chipatala, ku Chilomoni kuli akalipentala okhoma mabenchi. Aphungu athu ndi makhansala athu atiuze chimene akudikira.